Pusi ndi Nkhono ya Mphande: Mdani Waphokoso ndi Mdani Wachete

M'phunziro la mwezi uno tiika pamodzi zolengedwa ziwiri. Choyamba ndi pusi, amene ambiri a ife tinamupirikitsapo m'munda wa chimanga. Chachiwiri ndi nkhono ya m'nyanja yamchere, imene chigoba chake chinkasemedwa kukhala mphande, chokongoletsera choyera chija chimene mafumu akale ankavala pachifuwa. Wina angafunse kuti mlimi wa ku Kabwe apindulanji ndi nkhono yotere, pakuti kuchokera kuno kukafika kunyanja yamchere ndi ulendo wa makilomita oposa 1,000 pamsewu. Yankho lili m'dambo mmene ng'ombe zathu zimadya m'chilimwe. Alimi timakonda kuyeza mdani ndi phokoso lake komanso liwiro lake, ndipo chizolowezi chimenechi chimatitayitsa chuma chaka ndi chaka. Buku la Yobu, mutu 12, limalangiza munthu kuphunzira kwa nyama zamtunda ndi zamoyo za m'madzi. Tiyeni tichite chomwecho, tiyambe ndi amene tikumudziwa.

Pusi: moyo wa pagulu

Pusi ndi wamng'ono poyerekeza ndi nyani wamkulu wa m'mapiri. Ubweya wake ndi wotuwa, nkhope yakuda yozunguliridwa ndi ubweya woyera, mchira wautali. Wamphongo wokhwima amalemera makilogalamu 4 mpaka 8, wamkazi amacheperapo. Akatswiri a zinyama amatcha mtundu wonse wa apusi amenewa Chlorocebus, ndipo ambiri a iwo amasiyanitsa apusi a kum'mawa kwa mtsinje wa Luangwa ndi a kumadzulo kwake kuno. Kwa mlimi kusiyanako n'kochepa, chifukwa onsewo chimanga chachiwisi amachikonda mofanana.

Apusi amakhala m'magulu, nthawi zambiri a 10 mpaka 50. Aakazi amakhala m'gulu limene anabadwiramo moyo wawo wonse, amayi ndi ana awo aakazi ndi zidzukulu, pamene aamphongo akakula amachoka kukalowa gulu lina. Tinganene kuti amatsata mwambo wa chikamwini. Wamkazi amakhala ndi bere miyezi isanu ndi theka, nabereka mwana mmodzi, amene amakangamira pamimba pa mayi wake kulikonse kumene gulu lipita. Amayenda usana, amagona m'mitengo usiku, ndipo sakhala kutali ndi madzi. N'chifukwa chake minda imene imavutika kwambiri ndi ya m'mbali mwa mitsinje yokhala ndi mitengo, monga Mulungushi ndi timitsinje tothira mmenemo. M'masaya mwawo muli timatumba mmene amalongedzamo chakudya mofulumira kuti akadyere pamalo abata. Motero pusi safuna nthawi yaitali m'munda, mphindi zochepa zimamukwanira.

Chodabwitsa kwambiri pa pusi ndi kachenjezedwe kake. Ku Amboseli, m'dziko la Kenya, Thomas Struhsaker analongosola mu 1967 kuti apusi amalira mosiyanasiyana malinga ndi mdani amene amuona. Mu 1980, Robert Seyfarth, Dorothy Cheney ndi Peter Marler anafalitsa zimene anapeza atajambula kulirako ndi kukuseweretsa pa zokuzira mawu zobisika, popanda chilombo chilichonse pafupi. Akamva kulira kwa kambuku, apusi ankathamangira m'mitengo. Akamva kwa chiwombankhanga, ankayang'ana kumwamba ndi kulowa m'zitsamba. Akamva kwa njoka, monga nsato, ankaimirira ndi miyendo iwiri nayang'anayang'ana m'udzu. Ana aapusi amayamba mosokoneza: amatha kuchenjeza gulu chifukwa cha mbalame yosaopsa, koma akamakula amaphunzira kusiyanitsa.

Apa pali mfundo imene mlimi ayenera kuigwira. Pusi amaphunzira. Amadziwa ola limene mlonda amapita kukadya nsima. Amadziwa kuti chidole chovekedwa malaya akale chimene chaima pamalo amodzi sabata yathunthu sichiponya mwala. Mphamvu yake ili m'maso, m'miyendo, m'mutu ndi mwa anzake.

Nkhono ya mphande: moyo wa yekha

Tsopano tichoke m'mitengo tipite kugombe la Mozambique ndi Tanzania, m'madzi ofunda a nyanja ya Indian. M'menemo, pakati pa mchenga ndi matanthwe, mumakhala nkhono zimene akatswiri amazitcha Conus. Mitundu yake ilipo mazana ambiri m'nyanja zofunda za dziko lapansi. Chigoba chake n'chachikulu mbali imodzi, chosongoka mbali inayo, monga mbatata yonenepa kumutu, ndipo chili ndi mawanga okongola kwambiri. Chigobacho nkhono imadzimangira yokha pang'onopang'ono, ndi mwala wa mtundu womwewo wa laimu amene timathira m'minda kuti nthaka isakhale yowawasa.

Nkhono imeneyi ilibe miyendo, ilibe mawu, ilibe gulu. Mitundu yambiri imabisala mumchenga usana n'kutuluka usiku. Maso ake saona bwino, choncho imasaka mwa kununkhiza madzi ndi kapaipi kamene kamatuluka kutsogolo kwa chigoba. Imaikira mazira m'timatumba pansi pa miyala, ndipo ana akatuluka amadzionera okha. Munthu woiona ikukwawa angaganize kuti imadya ndere. Komatu ndi mlenje. Mitundu ina imadya nyongolotsi za m'nyanja, ina imadya nkhono zinzake, ndipo ina imagwira nsomba zamoyo.

Nanga cholengedwa chochedwa chotere chingagwire bwanji nsomba? Chili ndi chitamba chotha kutalika, ndipo kunsonga kwa chitambacho chimaikako dzino limodzi lobooka mkati, losongoka ngati mkondo. Nsomba ikayandikira, dzinolo limalasa mofulumira kuposa kuphethira kwa diso, n'kuthira ululu umene umaumitsa thupi lonse. Dzino likagwira ntchito limatayidwa, ndipo lina limakhala likudikira m'kathumba ka mano. Mtundu wina waukulu, wotchedwa Conus geographus, umene chigoba chake chimafika masentimita 15, uli ndi njira inanso. Mu 2015 ofufuza a pa yunivesite ya Utah, ku America, anaonetsa kuti nkhono imeneyi ili ndi insulini mu ululu wake, amene amatsitsa shuga wa m'magazi a nsomba mpaka zifooke, kenaka nkhonoyo n'kuzikuta ndi kamwa lake lotambasuka ngati ukonde. Nkhono yomweyi yaphapo anthu amene anaitola ndi manja chifukwa cha kukongola kwake, ndipo mpaka lero kulibe mankhwala ochotsa ululu wake m'thupi. Abale athu amene mumakwera sitima ya TAZARA pa Kapiri Mposhi kupita ku Dar es Salaam kukaoda katundu, mukafika kugombe musatole chigoba chotere chikadali m'madzi, ndipo musachiike m'thumba la chovala.

Ululu womwewo wasanduka dalitso. Baldomero Olivera, wochokera ku Philippines, ndi ophunzira ake anathera zaka zambiri akuusanthula, ndipo kuchokera ku ululu wa mtundu wotchedwa Conus magus kunapangidwa mankhwala oletsa ululu waukulu wa m'thupi, otchedwa ziconotide, amene anavomerezedwa ku America mu 2004. Palibe cholengedwa chimene Mulungu anachipanga mwamasewera.

Mphande inafika kuno ife tisanabadwe

Ngakhale nkhono imeneyi sinakhalepo m'madzi athu, chigoba chake ndi mlendo wakale m'dziko lino. Mbali yaikulu ija ya chigoba ikadulidwa ndi kusalalitsidwa, pamatuluka chinthu choyera chobulungira, chokhala ndi mzere wozungulira kuchokera pakati kupita kunja. Imeneyo ndiyo mphande. Ashona amaitcha ndoro. Amalonda ankabwera nayo kuchokera kugombe kudzera m'chigwa cha Zambezi ndi njira zina za malonda, ikudutsa m'manja ambiri.

Pa Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, anthu okumba malo a thanki ya madzi anapeza manda akale mu 1960. M'manda a anthu olemera a pamenepo, amene anaikidwa zaka mazana angapo zapitazo, munapezeka mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa ndi zigoba za nkhono imeneyi. Mu 1854 David Livingstone anachezera mfumu Shinte ya Alunda, kumpoto chakumadzulo kwa dziko lino, ndipo mfumuyo inamuveka mphande monga chizindikiro cha ubwenzi. Anthu ake anamuuza kuti mphande zisanu zinali mtengo wabwino wa nyanga ya njovu, ndipo ziwiri zinkagula kapolo. Tiime kaye pamenepa: zigoba ziwiri za nkhono zinkasinthanitsidwa ndi munthu wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Pambuyo pake amalonda a ku Ulaya anabweretsa mphande zoumba kufakitale, ndipo chimene chinali chosowa chinayamba kuchuluka.

Taonani mmene anthu tinaziweruzira zolengedwa ziwirizi. Pusi, amene sanaphepo munthu ndi ululu, tinamutcha mbala, tinamuika m'nthano ndi m'miyambi yomunyoza. Nkhono, imene mwa abale ake muli wakupha munthu ndi kulasa kumodzi, tinaiveka pachifuwa cha mfumu. Tinaweruza ndi maso ndi makutu.

Tikaziika pamodzi

Pusi ali ndi mafupa mkati, mnofu kunja. Nkhono ili ndi mnofu mkati, cholimba kunja. Pusi akaona mdani amathawa, nkhono imalowa m'nyumba imene yasenza. Pusi amabereka mwana mmodzi n'kumulera ndi kumuphunzitsa. Nkhono imaikira mazira ambirimbiri n'kuwasiya, podziwa kuti ena adzapulumuka. Pusi amagwira ntchito usana, poyera, akulira. Nkhono imagwira usiku, pansi pa madzi, ili chete. Pusi amadalira nzeru zimene amaonjezera tsiku ndi tsiku. Nkhono siphunzira za mlimi kapena za msodzi, imangochita chimene inabadwa nacho.

Pali pamene zimafanana. Zonse ziwiri n'zazing'ono pakati pa zilombo zazikulu, ndipo zonse zinapatsidwa njira yokhalira ndi moyo yogwirizana ndi malo ake. Zonse ziwiri Malemba amazitchula: pa 1 Mafumu 10:22 timamva kuti zombo za Solomo zinkabwera ndi anyani pamodzi ndi golide ndi minyanga, ndipo Salimo 58 limatchula nkhono. Ndipo zonse ziwiri zimagonjetsa munthu wosadekha: pusi amamugonjetsa pomudikirira kuti atope, nkhono pomulola kuti ainyoze.

Kuchokera pa kusiyanaku tikupeza lamulo la ulimi. Mdani wanzeru timamugonjetsa posinthasintha njira zathu, kuti asatizolowere. Mdani wosaphunzira koma wochulukana timamugonjetsa posintha malo ake okhala, ndi pobwereza ntchito imodzimodzi pa nthawi yake, chaka ndi chaka, osalumpha.

Mbale wa mphande ali m'dambo mwathu

Nkhono ya m'nyanja ili ndi abale ake m'madzi opanda mchere, ndipo amenewo tili nawo pafupi: m'madambo ozungulira Kabwe, m'mphepete mwa damu la Mulungushi, m'dambo lalikulu la Lukanga kumadzulo kwathu, m'ngalande za m'madimba ndi m'madamu ang'onoang'ono omwetsera ziweto. Nkhono zimenezi zilibe dzino la ululu. Kuopsa kwake n'kwakuti zimasunga tizilombo m'thupi mwake n'kutichulukitsa. Sitikunena nkhono yaikulu ya kumtunda ija imene imatuluka mvula ikagwa n'kudya ndiwo zamasamba, ayi. Tikunena tinkhono ta m'madzi, tambiri tosaposa chikhadabo cha chala chachikulu.

Pali mitundu itatu yoti tiidziwe, ndipo ingathe kusiyanitsidwa ndi maso. Gwirani chigoba nsonga itayang'ana kumwamba, khomo lake litayang'ana kwa inu. Ngati khomo lili kudzanja lamanja, ndi lalikulu, ndipo chigoba n'chopyapyala, imeneyo mwina ndi Lymnaea natalensis, yosunga nyongolotsi za m'chiwindi cha ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Ngati khomo lili kumanzere, mwina ndi Bulinus, yofalitsa likodzo lokodzetsa magazi. Ngati chigoba n'chaphwatalala ngati batani, ndi Biomphalaria, yofalitsa likodzo la m'matumbo.

Ulendo wa nyongolotsi ya m'chiwindi, imene akatswiri amaitcha Fasciola gigantica, umayenda motere. Yaikulu imakhala m'njira za ndulu m'chiwindi cha ng'ombe. Ndi yaphwatalala ngati tsamba, ndipo imafika masentimita 7 m'litali. Imaikira mazira zikwizikwi tsiku lililonse, amene amatuluka ndi ndowe. Ndowe zikagwera m'madzi, mazira amaswa patapita masabata awiri kapena atatu, ndipo kachilombo kotulukamo kayenera kupeza nkhono msanga, apo ayi kamafa. Kakalowa m'nkhono kamachulukana, mwakuti kuchokera ku dzira limodzi mumatuluka tizilombo mazanamazana. Timeneti timasambira n'kukamatirira ku udzu wa m'madzi, n'kudzikuta ndi kachikopa kolimba, ndipo tingadikire pamenepo masabata ambiri ngati pali chinyontho. Ng'ombe ikadya udzuwo, tizilombo timaboola matumbo n'kulowa m'chiwindi, mmene timayendayenda tikudya mnofu kwa miyezi iwiri kapena itatu tisanakhazikike m'njira za ndulu. Popanda nkhono ulendo wonsewu umaduka.

Nthawi yoopsa ndi chilimwe, pamene msipu wa kumtunda wauma kapena wapsa ndi moto, ndipo ng'ombe za mudzi wonse zimasonkhana pa madzi ochepa otsala m'dambo. Pamenepo ndowe, nkhono ndi udzu wobiriwira zimakumana pamalo amodzi. Zizindikiro zimabwera mochedwa: ng'ombe imaonda ngakhale ikudya, ubweya umanyankhalala, mkati mwa chikope mumayera chifukwa cha kuchepa kwa magazi, pansi pa chibwano pamatupa ndi madzi, mkaka umachepa, yaikazi imachedwa kutenga bere. Ng'ombe zapagoli zimafooka mu Novembala, nthawi yeniyeni imene tikuzifuna kuti zilime mvula yoyamba ikagwa. Nkhosa zimatha kufa mwadzidzidzi. Kawirikawiri mlimi amati ndi njala ya chilimwe chabe, ndipo choonadi chimadziwika pokhapokha nyamayo yaphedwa, woyeza nyama akatenga chiwindi cholimba ngati nkhuni n'kuchitaya.

Tiwerengere chotayika

Apusi akalowa m'munda, mudzi wonse umamva. Mapesi athyoka, makoko ali mbwee, ndipo mwini munda amasimba nkhaniyi ku tchalitchi Lamulungu. Chotayikacho n'chenicheni, makamaka kwa amene munda wake uli kumalire ndi nkhalango, ndipo sitikuchipeputsa. Koma chimaoneka, chimawerengeka, ndipo chimachitika m'masabata ochepa pamene chimanga chili chachiwisi.

Tsopano tiyerekeze ng'ombe yamkaka imene ikutaya lita imodzi yokha patsiku chifukwa cha chiwindi chodwala. M'masiku 200 okama, amenewo ndi malita 200. Chulukitsani ndi mtengo umene mumagulitsira lita, ndiponso ndi chiwerengero cha ng'ombe zanu. Onjezanipo mwana wa ng'ombe amene akanabadwa chaka chino koma adzabadwa chaka chamawa. Onjezanipo masabata awiri ochedwa kubzala chifukwa ng'ombe zapagoli zinalibe mphamvu, ndipo tonse tikudziwa zimene chimanga chobzala mochedwa chimabweza. Onjezanipo mwana wasukulu amene akukodza magazi, wotopa m'kalasi, chifukwa amasambira pa damu masana. Palibe amene anakuwa, palibe galu anauwa, koma nkhokwe yachepa.

Ife a ku Kabwe sitiyenera kuuzidwa kawiri za mdani wachete. Mgodi wa mtovu ndi zinki umene unamanga tauni ino unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtovu lidakali m'nthaka ya Kasanda, Makululu ndi Chowa, likulowa m'magazi a ana popanda phokoso. Amene anaona zimenezi sanganyoze chinthu chifukwa chakuti sichikuoneka.

Zochita ndi pusi

Poyamba, lindani munda pa nthawi yake. Apusi amabwera makamaka m'mamawa ndi madzulo dzuwa likapepa, kuyambira pamene chimanga chayamba kukhwima mpaka kukolola. Mangani nsanja pamalo oona malire a nkhalango, ndipo mlonda asamakhale pansi pamodzimodzi kapena kuchoka pa ola lomwelomwelo. Galu wophunzitsidwa amathandiza kwambiri.

Chachiwiri, lambulani kanjira kotakata pakati pa mitengo ndi mzere woyamba wa mbewu. Pusi sakonda kudutsa poyera pamene palibe mtengo wothawiramo. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje musaidule, pakuti ndiyo imagwira nthaka ndi madzi. Sunthani munda, siyani mtsinje. Kumalire kumeneko bzalani tsabola kapena mbewu ina imene apusi saikonda, chimanga ndi mtedza zikhale mkati.

Chachitatu, gwirizanani ndi oyandikana nawo. Mutu umodzi susenza denga. Minda yoyandikana ikabzalidwa nthawi imodzi, kulinda kumakhala kwa masabata omwewo ndipo mungathe kusinthana. Munda umene wakhwima wokha patsogolo pa ina ndiwo umadyetsa gulu lonse. Polinda musachotse ana kusukulu. Matumba awiri a chimanga sangalipire chaka cha maphunziro.

Chachinayi, zoopsezera zonse, zidole, zitini ndi nsalu zowala, muzisuntha pakapita masiku awiri kapena atatu. Musamapatse apusi chakudya, musamataye zotsala pafupi ndi munda, ndipo musawete mwana wa pusi pakhomo. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachisanu, musathire poizoni. Amapha agalu, nkhuku, mbalame zodya makoswe, ndipo angathe kufika m'kamwa mwa mwana. Nyama zakutchire m'dziko lino zimayang'aniridwa ndi Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, motsata lamulo la nyama zakutchire la 2015. Gulu likakula mphamvu, kanenani kumeneko kudzera mwa anyakwawa kapena alangizi a zaulimi. Tikumbukenso kuti pusi amadya ziwala ndi mphutsi, namwaza njere za mitengo ya zipatso zakutchire. Timamuletsa munda, sitimulanda nkhalango.

Zochita ndi nkhono

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yoyamba ndi kupita kudambo, kugwada, ndi kuyang'ana pansi pa masamba oyandama ndi pa mapesi a udzu. Valani majombo, gwiritsani ntchito sefa yomangirira ku ndodo, osati manja.

Ng'ombe zimwere m'chomwera chomangidwa, cha madzi a pachitsime kapena a pa mjigo, ndipo chomweracho chizitsukidwa kuti ndere isamere. Pamene zimenezi sizitheka, sankhani malo amodzi omwera, muwalambule udzu, muthirepo miyala, ndipo malo ena onse a matope mutchinge ndi mpanda kapena minga. Tsegulani ngalande kuti madzi asaime, ndipo konzani mipope yodontha, chifukwa kachithaphwi kakang'ono kosauma n'kokwanira kusunga nkhono chaka chonse.

Sungani chakudya cha chilimwe: mapesi a chimanga, masangwi a mtedza ndi a soya, ndi udzu womweta wouma. Ng'ombe yokhuta kumtunda sithera tsiku lonse m'matope. Udzu womweta m'dambo uyanikidwe padzuwa mpaka uumitsitse musanaupereke. Ndowe za m'khola muziunjika kuti zitenthe ndi kuwola zisanapite kudimba, ndipo khola lisamangidwe pamene madzi ake amatsikira m'dambo. Abakha amadya nkhono, choncho ndi antchito abwino pa damu laling'ono.

Pa za mankhwala, werengani chimene chalembedwa pa botolo. Si mankhwala onse a njoka za m'mimba amene amapha nyongolotsi za m'chiwindi. Ivermectin payekha saziphako. Albendazole ndi oxyclozanide amapha zazikulu zokha. Triclabendazole amapha zazikulu ndi zazing'ono zomwe zikuyendayenda m'chiwindi. Gwirizanani ndi a vetenale a m'dera lanu za miyezi yomwetsera, lembani tsikulo pa kalendala, ndipo mumwetse khola lonse, makamaka mudzi wonse pamodzi, pakuti dambo ndi limodzi. Yezani kulemera kwa nyama ndi tepi kuti muyezo ukwane, chifukwa mankhwala operewera amangolimbitsa nyongolotsi. Sungani masiku oletsedwa kudya nyama kapena kumwa mkaka, ndipo funsani musanamwetse ng'ombe yokamidwa kapena ya bere. Nyama ikaphedwa pamudzi, pitani mukaone chiwindi chake: ndilo lipoti la dambo lanu.

Pa za anthu, tizilombo ta likodzo timalowa pakhungu, ndipo timatuluka m'nkhono kwambiri dzuwa likatentha. Wothirira dimba avale majombo. Madzi osamba otungidwa pa damu akhale m'chidebe masiku awiri asanagwiritsidwe ntchito, kapena awiritsidwe. Pafamu pakhale chimbudzi, ndipo pasakhale wokodzera kapena kudzithandizira m'madzi. Mwana wokodza magazi sanakule ayi, wadwala; apite kuchipatala, kumene mankhwala otchedwa praziquantel amachiza nthendayi. Masamba omera m'madzi asadyedwe osaphika, chifukwa nyongolotsi ya m'chiwindi imalowanso mwa munthu.

Mawu kwa adindo a munda

Pa Genesis 2:15 munthu anapatsidwa ntchito ziwiri m'munda: kulima ndi kusunga. Kulima tonse timakudziwa, chifukwa kumatulutsa thukuta ndipo anthu amationa. Kusunga kumafuna maso odekha, kabuku kolembamo, ndi mtima wochita lero ntchito imene phindu lake lidzaoneka miyezi isanu ndi umodzi kutsogolo. Pusi amatiphunzitsa kukhala tcheru ndi kugwirizana, pakuti iye sadya popanda mnzake woyang'ana. Nkhono imatiphunzitsa kuti kuchedwa si kufooka, ndi kuti chaching'ono chobwerezedwa tsiku ndi tsiku chimamanga nyumba kapena chimagwetsa khola.

Ntchito ya m'magulu

1. Jambulani mapu a munda wanu, musonyeze mitengo imene apusi amagonamo, njira imene amalowera, ndi malo onse amene madzi amaima kufikira Okutobala.

2. Ndi sefa ndi majombo, tolani nkhono pa malo atatu omwera ziweto. Zisiyanitseni m'magulu atatu aja, mulembe chiwerengero ndi tsiku, ndipo mudzabwereze pakatha miyezi itatu.

3. Yang'anani mkati mwa chikope ndi pansi pa chibwano cha ng'ombe iliyonse m'khola. Lembani zimene mwaona, mupite nazo kwa a vetenale.

4. Werengerani m'makwacha chimanga chimene apusi anadya chaka chatha, ndiponso mkaka, ana a ng'ombe ndi masiku olima amene munataya chifukwa cha ziweto zoonda. Chachikulu n'chiti?

5. Kambiranani: ndi adani ena ati achete amene ali pafamu panu, m'nkhokwe, m'nthaka, kapena m'kabuku ka ngongole?

Inu amene munamaliza maphunziro ndipo muli kumidzi kwanu, chitani ntchito yachiwiri ndi yachinayi pamodzi ndi alimi a mumpingo mwanu, mutitumizire zimene mwapeza mvula isanayambe, kuti tidzaziike m'kalata yotsatira.